Hozana wa Malemu Alufeyo

Aliyense wa ku Kande amene anayanikapo kabudula wam'kati poonekera anthu anamvapo mawu a Belita. Mayi ameneyu sankadikira kufunsidwa maganizo. Akaona chinthu chosamukomera, mphuno inkayamba kukwinyika yokha, milomo n'kupindikira pansi, kenako mawu n'kutuluka osasefa. Ndipo zosamukomera zinalipo zambiri, abale inu, pakuti pa ntchito zonse za pansi pano iye anapeza yochapa ndi kusita pa loji ina ya kunyanja.

Taganizani nokha. Munthu wonyansidwa msanga chonchi, ndiye m'mawa uliwonse azimutulira mulu wa mashiti ndi mathawulo a alendo. Zimagalimoto zija zonyamula azungu oyendayenda zikangofika, Belita ankadziwiratu kuti mawa kuli ntchito yowawa. Shiti ankainyamula ndi nsonga za zala ziwiri, mkono atautambasulira kutali, n'kuiponya m'bafa la sopo uku akuyankhula yekha. "Anthu awa kwawo kulibe makolo? Adziwana dzana m'galimoto, lero agona shiti imodzi. Ndiye wochapa ndikhale ine!" Anzake a kukhitchini ankafa nako kuseka, koma iye sankaseka nawo. Mtsikana wachizungu akadutsa atavala tinsalu tiwiri tosambira, Belita ankakanikiza simbi pa malaya mpaka kutsala pang'ono kuwaotcha.

Kumpingo nakonso anali yemweyo. Ndiye ankayambitsa nyimbo pa gulu la amayi, ndipo mawu anali nawo, zimenezo ngakhale omuda sankatsutsa. Koma diso lake linkagwiranso ntchito ina. Mtsikana wosakwatiwa akangoyamba kukana usipa ndi kugona masana, Belita ankakhala woyamba kudziwa, ndipo nkhani inkafika kwa akulu a mpingo mimba isanaoneke n'komwe. Wina akalimba mtima n'kumufunsa kuti nkhanza zonsezi n'zachiyani, yankho linkakhala limodzi. "Ine ndine mwana wa a Alufeyo. Kwathu zauve sitinakule nazo."

A Alufeyowo kwawo kunali ku Ntcheu. Ali mnyamata anapita ku Bulawayo, kumene anagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela, ndipo anabwerako ndi Chingerezi chosalala chimene aphunzitsi omwe ankachiopa. Atabwerako anadza kuno kumpoto, anapeza ntchito yocheka mitengo ya mphira ku esiteti, n'kukhala dikoni, ndipo masiku opuma ankapalasa njinga kutsikira kunyanja kukayendera odwala ndi osiyidwa. Anakwatira NyaLongwe wa ku Kande n'kukhazikika komweko, mpaka anakalamba ali mkulu wa mpingo wolemekezeka. Mowa sankaulawa, fodya ayi, ndipo malaya awo oyera sankakhala ndi banga. M'nyumba mwawo ana ankayankha bambo m'Chichewa cha ku Ntcheu, mayi m'Chitonga. Belita ndiye anali woyamba kubadwa.

Bambo ameneyu anali ndi nyimbo imodzi ya Chingerezi imene sankaisiya. Ankaiimba akumeta ndevu, akukonza njinga, akupalira chinangwa, mpaka ana onse anaigwira osachita kuphunzitsidwa. Mmene ankaimvera iwo, inkapita chonchi:

Dikoni kamu, dikoni kamu,
Wota mayi gadeni,
Teni yo hozana, teni yo hozana,
Mayi mani goni oni da tireni.

Palibe mwana anafunsapo tanthauzo lake, chifukwa linali poyera. Dikoni ankamudziwa, si bambo awo omwewo? Gadeni anamva kusukulu kuti ndi munda, ndiye munda wa m'nyimbo ya dikoni ungakhale uti ngati si uja anaikidwamo Ambuye? Mayi ndi mayi basi, amayi aja analawirira kumanda. Tireni ndi sitima yopita kumwamba. Hozana ndiye sankafunika womasulira. Anamasulira zonsezi ndi Belita yemweyo ali kamtsikana, azing'ono ake n'kuvomera, ndipo zinakhala choncho mpaka onse anamera imvi. Sukulu iye anaisiyira panjira, ndipo Chingerezi chake chinathera pa moni wa alendo ndi maina a zochapa.

A Alufeyo atamwalira panapita zaka zingapo ana asanamange chiliza. Chitamangidwa, anagwirizana kuti adzachivundukule Loweruka lina m'chilimwe, abale a ku Ntcheu adzabwere, abusa adzapemphere. Belita anaona kuti mwambo wotere sungathe popanda nyimbo ya malemu. Anaiphunzitsa gulu lonse la amayi, anaichedwetsa kuti izimveka yaulemu, anagawa mawu apamwamba ndi apansi, ndipo pa hozana paja anawauza kuti azikweza manja. Amayi anaikonda kwabasi. Ena anayamba kuiimba kuchitsime, ena pogoneka ana.

Chaka chimenecho n'chimene loji inaika wayifayi. Bwana watsopano anati alendo atopa nazo nyimbo zomwezomwezo, ndipo anauza Oscar, wogulitsa mu bala, kuti azifufuza pa intaneti nyimbo zakalekale za ku Amereka. Oscar anali wa ku Zomba, bambo wa ana awiri, koma wokonda zoseka ngati alibe banja. Ntchito imeneyi inamukomera kuposa yotsegula mabotolo. M'mawa bala isanadzaze ankakhala pa laputopu n'kumakumba mbale za galamafoni zimene anthu ena a kunja anazitola m'zinyalala n'kuziika pa intaneti, za oimba amene anafa kalekale ndipo ngakhale kwawo anaiwalika. Zinkamveka ndi kaphokoso kothetheka ngati nsomba m'mafuta. Iye ankadziwa kuti iyi amati jazi, iyi solo, iyi rokabile, ndipo imene inkakhala yolaula kwambiri ndi imene ankaibwereza.

M'kati mwa sabata ya chiliza, m'mawa dzuwa litakwera, Belita ankadutsa pa bala atanyamula nsalu za patebulo zositasita. Sipika inathetheka, piyano inayamba kudumphadumpha, lipenga n'kulira. Kenako mawu a mzimayi, aakulu, okhuthala, anatuluka: dikoni kamu, dikoni kamu.

Belita anaima chilili. Anaika nsalu pa mpando mosayang'ana n'kuthamangira ku kauntala, misozi ili kale m'masaya.

"Oscar! Iwe Oscar! Nyimbo ya bambo anga iyo! Waipeza kuti?"

"Iti, Anti? Iyiyi?"

"Yomweyo! Ibwezere poyamba, mwanawe, ibwezere. Mulungu ngwamkulu, sabata yomwe ino!"

Oscar anaibwezera, nkhope ili ndi mafunso. Mzimayi uja atayambanso, Belita anatseka maso n'kuimba naye, ndipo atafika pa hozana anakweza manja onse awiri kumwamba. Oscar anali akumwa tiyi. Tiyiyo anatulukira m'mphuno. Anatsokomola, anagwira kauntala, anayesa kudziletsa, koma phwete linamupulumuka mpaka anakhala pansi pa kireti.

"Ukuseka chiyani? Nyimbo ya Mulungu ndi yoseketsa?"

"Pepani Anti, pepani ndithu. Mwati ya ndani?"

Belita anamufotokozera mwaukali za bambo ake, za munda wa Ambuye, za sitima ya kumwamba, ndi za Loweruka. Atatchula kuti amayi onse a gulu aiphunzira ndipo adzaiimba pamaso pa abusa, kuseka kwa Oscar kunatha. Anadzuka, anapukuta pakamwa, n'kutsitsa mawu.

"Anti, mundikhululukire, koma ndikapanda kukuuzani ine mudzamvera kumanda. Mulibe hozana m'nyimbo iyi. Akuti hozi, paipi ija timathirira kapinga kutsogoloku. Ndiye akuti itseguleni. Liwu loti mayi limene mukumvalo si mayi ayi, m'Chingerezi ndiye kuti changa. Mzimayiyu akuti, a dikoni bwerani mudzathirire dimba langa, tsegulani paipi yanu, mwamuna wanga wachoka, wakwera sitima."

"Ndiye cholakwika n'chiyani? Dimba silithiriridwa?"

Oscar anakanda m'mutu. "Anti, tamverani mmene akusekeramo. Mayi ameneyu alibe dimba la mpiru."

Anaisiya nyimbo kuti ipitirire. Zinapezeka kuti inali ndi ndime zina zimene a Alufeyo sanaimbepo pakhomo. Oscar ankamasulira akuyang'ana pansi: a dikoni avule jekete, Baibulo alisiye pakhonde, asafulumire chifukwa nthaka yauma kuyambira kale. Kumapeto mawu anatha, kunangotsala mzimayiyo akubuula ndi kuseka, lipenga likumuyankha, amuna ena kumbuyo akukuwa momulimbikitsa. Apa Belita sanafunenso womasulira. Kubuula kotero ankakumva kudzera m'mazenera a zipinda za alendo, ndipo mawa lake ankachapa mashiti ake.

"Zimitsa! Zimitsa zonyansazo!"

Oscar anazimitsa. Belita anapuma mwamphamvu. Kenako nzeru ina inamubwerera, ndipo anaigwira ndi manja awiri.

"Ndadziwa. Hule ameneyu anaba nyimbo ya kutchalitchi n'kuipaka matope. Yeniyeni ilipo. Ifufuze m'chimakina chakocho, upeze ya akwaya."

Oscar anafufuza, ndipo anafufuzadi ndi mtima wonse chifukwa anali atamumvera chisoni. Analemba mawu aja mwanjira iyi ndi iyo. Kwaya sinapezeke. Chimene anapeza ndi mawu ochepa amene munthu woika nyimboyo analemba pansi pake, onena kuti mbaleyi nyumba za wailesi zinaikana, ndipo inkagulitsidwa mobisa kwa amalinyero ndi eni mabala. M'munsi mwake munali nyimbo zina za mtundu womwewo, mndandanda wautali.

"Tsegula inayo," anatero Belita. Sankadziwa chifukwa chimene ananenera zimenezo. Mwina ankafuna aone kuti bambo ake anangotola imodzi mwangozi, monga munthu amapondera ndowe panjira.

Inayo inali ya mnyamata wa gitala woimba ngati wagwidwa ntchirintchi. Isanafike pakati, Belita anaizindikira. Bambo ake ankaiimba mwa mluzu akamapopa njinga. Oscar anati mnyamatayo akusimba zimene anachita ndi mwana wa aneba kumbuyo kwa lole ya bambo ake. Anatsegula ina. Mzimayi wa mawu okoma ngati a kwaya, limba likulira pambuyo pake monga m'tchalitchi, ankadandaula kuti wotchi ya mwamuna wake wokalamba imaima nthawi isanakwane, ndiye akufuna wokonza mawotchi wachinyamata. Imeneyonso Belita ankaidziwa. Ndi imene a Alufeyo ankang'ung'udza Lamlungu m'mawa akupukuta nsapato zopita nazo kukalalikira. Ina inali yoti Oscar anangoti, "Iyi yokha Anti, sindimasulira, ndinu kholo."

Koma anthu amenewa! Belita ankaganiza kuti uve unabwera ndi mafoni ndi timasiketi ta masiku ano. Kani agogo a azungu ndi a anthu akuda a kumeneko anali atauyamba kale, atavala masuti ndi mataye, nsapato zikuwala. Pa laputopu panali chithunzi cha mzimayi wa dimba uja, mayi wonenepa bwino, wa chipewa cha maluwa, woti utakumana naye pakhomo la tchalitchi ungamupatse mpando wakutsogolo. Belita anamuyang'ana n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Bambo anga anangomva kukoma kwa nyimbo," anatero. "Sankadziwa."

Oscar akanangokhala chete zikanatha bwino. Koma pakamwa pake panalibe chitseko. "Kodi a bambowo Chingerezi sankachimva?"

Funso limenelo linamulasa. Moyo wake wonse Belita ankadzitama kuti bambo ake ankawongolera Chingerezi cha aphunzitsi, kuti azungu a ku esiteti ankawaitana kudzamasulira. Ndiye kuti bambowo ankadziwa liwu lililonse. Ankaona ana awo akukweza timanja pa hozana, ankamva mwana wawo wamkazi akuimba za paipi ndi dimba pamaso pa alendo, ndipo sananenepo kanthu.

Anatola nsalu zija n'kubwerera nazo kochapira, ngakhale zinali zoyera ndi zosita kale. Anaziviika zonse n'kuyamba kuzifikisa mpaka khungu la zala linayera. Nyimboyo sinkachoka m'mutu. Anaiimbira ana ake ali akhanda. Anaiimbira bambo akewo m'chipatala akutsirizika, ndipo iwo anamwetulira, iye n'kumati aona angelo. Anaiika m'kamwa mwa amayi okalamba a mpingo, akazi a akulu, ngakhale mayi busa. Anasiya kufikisa n'kukhala pa mwala wochapira.

Asanaweruke anapitanso kwa Oscar. "Ukangouza munthu, ndidzakuonetsa."

"Ine pakamwa ndatseka, Anti. Koma Loweruka kudzakhala aphunzitsi, kudzakhala ana a sekondale. Mmodzi yekha akadzatchera khutu bwino, nkhani idzafika ku Chintheche dzuwa lisanapendeke."

Ankanena zoona. Dzina la a Alufeyo likanasanduka choseketsa cha m'maminibasi, ndipo onse amene Belita anawaneneza kwa akulu a mpingo akanavina. Nyimbo inayenera kuchotsedwa. Kuuza amayi a gulu kunali kosavuta, akanangoti sinapse bwino ndipo palibe akanamutsutsa. Chovuta chinali NyaLongwe, amayi ake, amene sabata yonse ankafunsa ngati nyimbo ya amuna awo yakonzeka.

Mawa lake anawapeza masana kuseri kwa nyumba atakhala pa mphasa, akufinya chinangwa chovuula m'mitsuko n'kumachiyala pa thandala. Fungo lake lowawasa linali ponseponse. Anali atakalamba, maso akuchita chifunga, mano atatsala owerengeka, koma makutu anali akuthwa. Belita anagwada, anapereka moni, n'kuyamba kuthandiza kufinya.

"Ama, nyimbo ija tiisiya. Amayi sakuigwira bwino."

"Bodza. Ndawamva dzulo akuchokera kuchitsime. Akuigwira, kungoti mukuikoka ngati mukukoka ng'ombe yodwala."

"Abusa sangakonde nyimbo ya Chingerezi kumanda."

"Abusa anabwera pano, anati aikonda. Nena chimene wabwerera, Belita."

Belita anazungulira, anazungulira, mpaka anatopa. Ndiye ananena, maso ali m'mtsuko, kuti nyimboyo waimva mwini wake akuimba pa makina a kuntchito, ndipo si ya Mulungu. Anati ndi ya mkazi wopanda khalidwe, woitana mwamuna wina mwamuna wake atachoka. Za paipi sanathe kuzitchula. Ankayembekezera kuti mayi ake alira, ndipo anali atakonzeka kuwagwira.

NyaLongwe anasiya kufinya. Mapewa anayamba kugwedezeka. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, nkhama zonse poyera, mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mayo ine! Ndiye wadziwa lero? Imvi zonsezo?"

"Ama! Inu mumadziwa?"

"Nanga ankaimbira ndani? Iwe?"

Nayenso Belita anasiya kufinya, chinangwa chili m'manja.

"Khala bwino ndikuuze, poti wafukula wekha," anatero NyaLongwe. "Bambo ako sanali mwamuna wanga woyamba. Woyamba anali Zakeyu wa ku Tukombo. Tinangokwatirana, mvula isanagwe kawiri, iye uyo ku Joni. Anakakwera sitima, basi. Kalata ayi, bulangete ayi, ngakhale uthenga wa pakamwa. Amuna ambiri a kuno ankapita choncho, ena ankabwera, ena ankachona. Ine ndinakhala, ndinakhala, zaka zikupita. Akwawo kundimasula ankakana, ati mwana wathu abwera. Ndinali mtsikana, Belita, magazi akuyenda. Munda wanga unamera tchire, denga likudontha, usiku ndikugona ndi khoma."

"Ama, basi."

"Sindinathe. Ndiye kunabwera kadikoni ka ku Ntcheu pa njinga, kuyendera ife akazi osiyidwa. Ena ankangopemphera n'kumapita. Iye anavula jekete, anatenga khasu. Akulima akuimba, akulima akuimba. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi a dikoni, nyimbo yanuyi ikuti chiyani? Anandiuza. Liwu ndi liwu, osabisa, akundiyang'ana m'maso. Ndinamuthamangitsa ndi mpini mpaka kumsewu." Anasekanso. "Sabata inayo anabweranso. Mpini uja sindinaupeze."

Belita anaweramitsa mutu. Mayi ake omubereka, a zaka zimenezi, kuyankhula zotere masana dzuwa likuswa mtengo, ndiponso mokondwa! Anafuna kutseka makutu koma manja anali ndi chinangwa.

"Mpingo unatani?"

"Unatidula tonse awiri. Bambo ako anawalanda udikoni, ine ndinkakhala kumbuyo ndekha, amayi akundilozerana ndi milomo. Kunali mayi wina wa pakamwa ngati pakopa, ndiye anakanena. Patapita nthawi akwawo a Zakeyu anandimasula, tinakwatirana, mpingo unatibwezera. Amene ankadziwa ambiri anafa. Otsalawo amakuopa, kapena amakumvera chisoni, kaya."

"Anakanena chiyani mayiyo? Anaona chiyani?"

NyaLongwe anamuyang'ana ndi maso awo achifunga aja. "Iwe amene umaona mimba za ana a eni zisanaoneke, ukundifunsa ine? Anaona iweyo."

Nkhuku inabwera kudzajompha chinangwa pa thandala ndipo palibe anaiingitsa. Belita anakhalabe pomwe anagwada paja. Ananyansidwa ndi bambo ake, ananyansidwa ndi mayi ake, ananyansidwa ndi mzimayi wa chipewa cha maluwa uja. Ndipo atafufuza pomwe pathera kunyansidwako anapeza kuti pakhala iye mwini, ndi chitenje chake cha mpingo m'chiuno.

"Ndiye munandisiya ndiziimba, zaka zonsezi?"

"Unabwera wekha uli kamwana, maso akuwala, kutiuza kuti ndi ya munda wa Ambuye. Bambo ako anati ndikuuze ine, ine ndinati akuuze iwo. Tinazengereza mpaka unakula, ndipo unakula wolusa. Akanayamba ndani?" Anatolanso chinangwa. "Tamvera tsono. Mpingo unawatenga bambo ako masiku onse, maliro, milandu, maulaliki. Chilizacho mwalembapo za mpingo zokhazokha, ndamva. Changa ine ndi nyimbo imeneyi basi. Ukaichotsa, ine kumandako ndilibe chokachita. Usankhe wekha."

Loweruka linafika. Kumanda kunadzaza, abale a ku Ntcheu ndi masuti awo a fumbi la m'basi, a kuchikazi ochokera ku Chintheche, aphunzitsi a pasukulu, amayi a gulu atavala zoyera. Dzuwa linali la chilimwe, lowotcha pamutu. Abusa analalikira za munthu wolungama amene sanapatukepo panjira, anthu n'kumavomera. Nsalu inachotsedwa pa chiliza. Kenako abusa anatembenuka n'kunena kuti Mayi Belita atsogolera nyimbo imene malemu ankaikonda.

Belita anaimirira kutsogolo kwa amayi. Akanatha kuyambitsa nyimbo ina iliyonse ya m'buku, ndipo amayiwo akanangotsatira, palibe akanafunsa. Imodzi ya m'bukumo inali kale pa lilime. Anayang'ana kumene kunakhala mphunzitsi wamkulu, bambo wa magalasi amene Chingerezi ankachidya ngati mtedza. Anayang'ana abusa. Kenako anayang'ana pa mphasa pafupi ndi chiliza. NyaLongwe anali atabwera ndithu, atavala duku latsopano, dzanja limodzi atalitsamiritsa pa simenti, nkhope ataitembenuzira kumene kunali mwana wawo. Sankapempha, ankangodikira.

"Dikoni kamu," anayamba Belita, mawu akutuluka mokakamiza. "Dikoni kamu."

Amayi analandira mwaulemu, pang'onopang'ono, monga anawaphunzitsira. Sanafike patali. Kuchokera pa mphasa paja kunamveka kuwomba m'manja kofulumira, kodumphadumpha, ndendende mmene piyano ija inkachitira pa sipika ya Oscar. "Fulumizani!" anakuwa NyaLongwe. "Mwini wake sankaikoka choncho!" Amayi anasekerera, anatsatira manja a gogoyo, nyimbo inadzuka. Ziuno zinayamba kugwedezeka m'mayunifolomu oyera. A ku Ntcheu analowerera, nthungululu inalira. Atafika pa hozana manja onse anakwera kumwamba, ndipo abusa anakweza awo kuposa aliyense. Mphunzitsi wamkulu anavula magalasi, anapendeketsa mutu kumvetsera, kenako anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zake.

Belita anaona zonsezo ndipo sanasiye. Liwu lililonse ankalidziwa tsopano, ndipo lililonse linkamuwawa potuluka. Amayi ake ankaimba nawo ndi mawu osweka, mapewa akuvina, misozi ikutsikira m'makwinya, chikhatho chikusisita simenti ya chiliza pang'onopang'ono.

Nyimbo itatha, m'kamwa mwa Belita munadzaza malovu owawa a mseru. Anatembenuka kuti alavule. Kumanzere kunali manda a bambo ake, kumanja kunali mphasa ya mayi ake, kutsogolo ndi kumbuyo anthu okhaokha. Anameza.